Mayi Gertrude Akawongola Miyendo

Mayi Gertrude agwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Hull, kutsidya kwa nyanja, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa shifiti imodzi foni yawo imawerenga mapazi 14,000. Chaka chatha madokotala anawaika bondo lachitsulo kumanzere, ndipo kuyambira pamenepo mwana wawo Elton, wa zamakompyuta ku Salford, anayamba kuwagwira ngati dzira.

"Amayi, siyani ntchito, nyumba ya lendiyo muibweze kwa eni ake, mubwere kuno muzingokhala."

"Kungokhala ndi matenda," iwo anayankha.

Elton sanamve. Anakonza zobwera ndi vani Loweruka lomaliza la Meyi kudzatuta katundu.

Lachisanu masana mayi anamuimbira. "Mawa usavutike. Ndikukawongola miyendo."

Kwathu munthu akati akukawongola miyendo amafika pagolosale n'kubwerera. Elton anaseka. "Wongolani, ndikupezani."

Sanadziwe kuti mayi ake akumuimbira ali kale m'sitima yopita ku chilumba cha Anglesey. Wodwala wina wachikulire anawaonetsapo chithunzi cha thanthwe loyera, lobowoka pakati ngati chipata, nyanja ikudutsa pansi pake. Wodwalayo anayang'ana bondo lawo n'kunena kuti kumeneko iwo sangafikeko. Mawuwo anawakhala pamtima miyezi inayi.

Atagona pachilumbapo, Loweruka m'mawa mayi anatsika basi n'kuuyamba wapansi. Makilomita asanu ndi limodzi, kanjira kopapatiza pamwamba pa phompho, matope ndi ndowe za nkhosa. Mphepo inalowa m'chitenje chimene anamanga pamwamba pa thalauza n'kuyamba kuwakokera kunyanja. Anachimasula, nachikulunga pabondo. Pa kilomita yachinayi bondolo linatentha ngati laikidwa pambaula. Anakhala pamwala, nadya nthochi, kenako analiuza mosapita m'mbali: "Iwe ndiwe mlendo m'thupi muno. Mlendo salamula mwini nyumba."

Ananyamuka akutsimphina. Thanthwe lija analiona atakhota pa kaphiri komaliza, ndipo foni inalira iwo asanapume n'komwe.

"Amayi, ndili pakhomo panu. Muli kuti?"

"Ndinakuuza dzulo."

Anatsegula vidiyo n'kutembenuza foni. Elton anaona mwala woyera utaima m'madzi, mafunde akulowa pachibowo n'kutulukira kuseri, mbalame zikulira pamwamba pake.

"Kumeneko ndi kuwongola miyendo?"

"Aliyense amawongola malinga ndi miyendo yake. Foni ikuti mapazi 9,300, ndipo obwerera akundidikira. Lolemba ndili pa shifiti, bambo. Nyumba yanga sindikuibweza."

Elton atayankhula, mawu ake anali atatsika.

"Nanga vaniyi nditani nayo?"

"Kuseri kwa nyumba kuli mashini ochapira aja anafa kalekale. Ukawataye, usabwerere chimanjamanja."

Mayi anadula foni, namangitsa chitenje pabondo, n'kuyang'ana kanjira kamene anabwerera.