Maliro a Bambo Malachy Akadali Moyo

Pa nyumba yosamalira okalamba ya ku Erdington, mumzinda wa Birmingham, imene ndimagwirako ntchito, panalibe nkhalamba yovuta ngati bambo Malachy Durkan. Tiyi akazizira pang'ono, mlandu. Ukawatsekera zenera, mlandu. Koma ine Zelipa ndinkawakonda, chifukwa pakati pa kulalatako ankaponyamo nkhani, ndipo kumvera nkhani ndiye matenda anga.

Anabadwira ku Ireland, m'boma la Sligo, kumudzi wa miyala ndi mbatata. Ku Birmingham anabwera ali mnyamata kudzakumba misewu, ndipo ankanyada kuti milatho yopiringizana ya Spaghetti Junction inamwa thukuta lawo. Zikhatho zawo zinali ngati mafosholo, ngakhale tsopano ndi sipuni yomwe inkawapulumuka.

Mayina ndiye anali nawo ambiri, koma onse ochita kupatsidwa ndi eni dziko. Angerezi ankangoti Paddy, monga ankatchulira mwamuna aliyense wa ku Ireland. Pa ntchito yokumba anali navvy. Mwana wawo Bethany, wobadwira konkuno, akati adzitame ndi dziko la makolo, anzake ankamuseka kuti ndi Plastic Paddy, wongopanga ngati maluwa apulasitiki.

"Kale asilikali athu othawira kunja ankatchedwa atsekwe akuthengo," anandiuza tsiku lina ndikuwameta ndevu. "Dzina lokoma. Ife okumba ngalande sanatipatse la mbalame."

"Kwathu timati mtchona," ndinayankha. "Munthu wopita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera."

Anandiyang'ana mwaukali. "Sindinaiwale ine. Ndinkati ndipita chaka chamawa."

Chaka chamawacho chinadyedwa ndi ntchito, kenako ukwati, kenako ana. Amayi awo atamwalira, uthenga unafika ataikidwa kale, ndipo manyazi anamaliza zotsalazo. Pamene mtima unati tsopano ndipite, dokotala anawauza kuti mtima womwewo sungapirire ulendo, kaya wa ndege kaya wa sitima. Sanalalate mlungu wonse, ndipo ine ndinachita mantha.

Kenako anandiitana. "Mwana wanga, mkulu wanga popita ku America anamuchitira maliro ali moyo. Timati American wake. Mudzi wonse unasonkhana, kuimba, kuvina, amayi kulira mokweza, chifukwa ankadziwa kuti sadzamuonanso. Atatha anamuperekeza mpaka pamsewu. Ine anangondikulungira buledi. Ankati England m'pafupi, ubwera pa Khirisimasi. Palibe anandilira, n'chifukwa chake mpaka lero mwendo umodzi uli pakhomo pa amayi. Ndichitireni anga."

Kulira munthu wamoyo kwathu ndi malodza, kumeneko n'kuitana imfa ndi manja awiri. Ndinakana. Mnzanga Loyce, wa ku Chipata, anandigwira mkono pakhonde.

"Asisi, musayerekeze! Resident ali moyo mukamuimbire za maliro? Akatisiya pa shift yanu mudzakaexplainer chiyani kwa manager?"

Ndinavomereza kuti akunena zoona. Koma tsiku limenelo m'basi ndinalephera kuyang'ana anthu. Inenso pochoka ku Dedza palibe anandilira. Anandivinira, nkhuku zinafa, ndipo mwana wanga Tiwa ndinamusiya kwa amayi ndikumulonjeza kuti ndibwera posachedwa. Ndimamusowa mwanayo.

Bambo Malachy sanagonje. Anakakamiza Bethany, Bethany anakakamiza abwana, abwana analola bola pa bolodi palembedwe kuti ndi phwando la tiyi. Tinachita masana, poti nkhalamba zathu zikangodya chamadzulo zimayamba kuodzera. Kunabwera anzawo akale a pa ntchito yokumba, otsimphina okhaokha, mmodzi atanyamula kodiyoni. Anaimba nyimbo zakwawo, ena n'kuvina ndi ndodo zawo. Mwini maliro anakhala pakati atavala jekete, akudzudzula woimba kuti akuthamanga.

Itakwana nthawi yolira, panalibe woyambitsa. Amayi a ku Ireland amene analipo anati luso limenelo linapita ndi agogo awo. Bethany anangoweramira pansi. Bambo Malachy anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

Ndinati ndingoyerekeza pang'ono kuti nkhalamba ikhutire. Koma nditatsegula pakamwa, mawu anatuluka momwe timalirira pasiwa, ochokera m'mimba. Ndinawatchula dzina, ndinatchula amayi awo, ndinawafunsa chifukwa chimene akusiyira mudzi. Ndisanathe ndinamva wina akundilandira kumbuyo. Anali Loyce yemwe uja, misozi ili chuchuchu. Bethany anagwada n'kuika mutu pamaondo a bambo ake, nkhalamba zokumba misewu zija zikufufuza mipango m'matumba.

Titatha tinawaperekeza monga mwa mwambo. Ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pageti, gulu lonse likutsatira pang'onopang'ono. Kunja kunali kamvula kowaza, basi ya m'tauni ikudutsa, anthu akutidabwa. Anagwira dzanja la aliyense n'kutsanzika. Kenako anayang'ana msewu nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Basi," anatero motsitsa mawu. "Tsopano ndachokadi kwathu. Ndibwezere mkati, mwana wanga, kwazizira."