Msikochi wa M'besimenti Mwathu

Nsapatoyo inali imodzi, ya kumanzere, yachikopa cholimba ngati cha mvuu, kunsi kuli misomali. Inkakhala pamwamba pa makina oumitsira zovala m'besimenti mwathu ku Lanham, ku America, chipinda cha pansi pa nyumba momwe munkagona amalume. Ndinayesa kuinyamula ndili ndi zaka khumi, ndipo phewa langa lakumanja ndi lotsikirapo mpaka lero. Wokayika abwere adzayeze.

Amalume ankati inali ya Msikochi wina, munthu wa ku Sikotilandi, mmodzi mwa anthu oyamba padziko kulipidwa chifukwa chosewera mpira. Abambo ankati anaiona ndi maso awo m'sitolo ya kaunjika ku Manassas, kapepala ka mtengo kakulendewera. Ine ndimakhulupirira onse awiri. Msikochi nayenso angathe kugulitsa nsapato.

Amalumewa ndi mchimwene wamkulu wa amayi. Ku Malawi anali wosewera wodziwika ndithu, woti akagwira mpira ngakhale ogulitsa mtedza ankaiwala malonda. Anabwera ku America ataitanidwa ndi timu ina kuti adzayesedwe. Timuyo inatha iwo asanamasule n'komwe chikwama, bondo linatsatira, kenako viza. Anatsala. Loya wina wa ku Upper Marlboro ankawauza kuti adikire, zinthu zikuyenda, koma asayerekeze kutuluka m'dzikomo, chifukwa chitseko chikatsekeka kumbuyo kwawo sichidzatsegukanso msanga. Abambo, omwe ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu ku Washington, anaikapo malamulo awo: amalume asayankhe munthu akagogoda, asayendetse galimoto, asadwale.

Pachikhalidwe chathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mkamwini amayenda monyang'ama pamaso pake. Kwathu zinatembenuka. Mwini mbumba anali pansi, mkamwini akuyenda pamutu pake ndi nsapato za kuofesi.

Chaka chimenecho kunazizira moti mawu ankauma akangotuluka pakamwa. Moni amene aneba anatipatsa mu Januwale tinaumva mu Malichi. Ndikunena zoona. Chipale chofewa chinatseka kawindo ka m'besimenti, komwe amalume ankaonera mapazi a anthu odutsa, ndipo m'chipindamo munatsala babu limodzi, fungo la sopo wochapira ndi la mankhwala otikitira bondo. Sukulu inkatsekedwatsekedwa. Ine ndinkatsikira m'besimentimo.

Mpira weniweni abambo anauletsa utaswa paipi, ndiye tinkasewera wamasokosi. Amalume sankafuna kuona munthu akuumirira mpira. "Patsa mnzako, iwe! Ndi wa amako?" Mnzangayo anali khoma. Ndikayankha m'Chingerezi ankakhala ngati agontha, ndipo Chichewa chimene ndikulembachi ndinachitola kumeneko, pakati pa makina ochapira ndi matiresi.

Tikatopa ankapitiriza nkhani ya Msikochi. Anaimva kwa aphunzitsi awo kusukulu ya mishoni, aphunzitsiwo anaimva kwa m'busa wina wa ku Sikotilandi, ndipo dzina la munthuyo linagwera panjira. Akuti anali wosema miyala. Masiku amenewo Angelezi ankathamangira mpira onse pamodzi ngati nkhuku zaona chiwala, pomwe Asikochi ankapatsirana. Mwini fakitale ya nsalu ku Mangalande anamuona Msikochiyo, namunyengerera kuti atsikire kumwera. Kulipira wosewera kunali koletsedwa, choncho anamulemba ntchito yongonamizira, yolondera chitseko chomwe anachikhomera kale ndi misomali. Loweruka akatha kusewera ankapeza malipiro ake ali m'nsapato. Mpira wa nthawiyo ukanyowa unkalemera ngati dzungu, ndipo amalume ankalumbira kuti Msikochiyo anaumenya ndi mutu tsiku lina, khosi n'kulowa m'mapewa osatulukanso.

Kwawo anamutcha wogulitsa dziko, ndipo timu ya dziko lake sinamuitanenso. Ku Mangalande ankamukonda Loweruka lokha. Masiku enawo anali mlendo wolankhula modabwitsa. Nditakula ndinadzawerenga kuti anthu otere analikodi, ndi ntchito zawo zabodzazo. Chimene sindinachipeze m'buku ndi chakuti bondo la Msikochi linkatupa tsiku lomwelo limene latupa la amalume, ndiponso kuti abambo akalankhula mokweza pamwamba, mwini fakitale uja ankaipa mtima sabata yonse.

Chakumapeto kwa dzinjalo foni inalira. Agogo, mayi wobereka amayi ndi amalume, anali atamwalira kumudzi ku Mchinji.

Kumudziko anati thupi lidikira kumochale mpaka mwini mbumba afike, pakuti ndiye woyenera kulankhula pamaliro m'malo mwa banja. Iwo ankadziwa kuti amalume akusewera mpira ku America, ndiye kukwera ndege kunali ngati kukwera kabaza. Palibe amene anawawongolapo pa zaka zonsezo.

Anthu a kutchalitchi anadzaza pabalaza, Amalawi ndi Azambia, majekete ataunjikana pabedi langa mpaka kudenga. Amalume anakwera masitepe n'kukhala pampando wa abambo, koyamba chifikire m'nyumbamo, chifukwa maliro anali awo. Ambiri ankaidziwa nkhani yawo ndipo ankapepesa akuyang'ana pakapeti. Koma mayi wina wa ku Lusaka, wobwera kumene, anafunsa ndi mtima wabwino, "Manje amalume, muzayenda liti?" 

Tikiti sinali vuto. Atchalitchi anali okonzeka. Vuto aliyense ankaliona. Akapita, sabweranso, ndipo akafika pamudzi akutsimphina, opanda timu, opanda chowonetsa. Akatsala, amayi awo aikidwa ndi anthu ena. Anaimbira loya uja, loyayo anati adikire, zinthu zikuyenda. Amayi analira ali kukhitchini, akuti achimwene asankhe okha. Abambo anatsika m'besimenti, kumene sankapondako, ndipo ndinawamva ndili pamasitepe.

"Alamu, mukafuna kupita sindikuletsani. Mukatsala sindikuthamangitsani."

Lero ndimaona kuti amenewo anali mawu achifundo kwambiri omwe abambo akanatha kunena, komanso kuti sanathandize chilichonse.

Amayi anapita okha. Anagwirizana ndi akumudzi kuti mwini mbumba alankhule pafoni, ndipo mnyamata wina aigwirizize pachimkuzamawu cha mpingo. Kumeneko kunali masana, kwathu m'mawa, basi ya sukulu isanabwere. Amalume anavala suti ya abambo, manja ake akulekezera pafupi ndi chigongono, naima pakati pa khitchini. Anandipatsa foni kuti ndiigwire ine, chifukwa iwo ankafuna kupinda manja kumbuyo monga amachitira munthu pamaliro. Mufonimo munkamveka nyimbo ya amayi a mvano, mphepo, ndi tambala wina wosadziwa ulemu.

Anayamba bwino. Anathokoza amfumu, anathokoza abusa, nanena kuti mayi awo anali munthu wosalola mlendo kudutsa ndi njala. Ali pakati pothokoza amene anabweretsa ufa ndi nkhuni, foni inaduka. Ndinaona ndi maso anga galasi likuda. Ndinawauza m'Chingerezi, kenako m'Chichewa. Anangondikodola ndi chibwano kuti ndikweze dzanja.

Anapitiriza. Anathokoza adzukulu okumba manda, anathokoza midzi yoyandikana nayo mmodzimmodzi, anapepesa kuti mtunda watalika, napempha kuti anthu asabalalike asanadye. Anatsiriza ndi kuwomba m'manja mwaulemu, akuyang'ana filiji. Abambo anali ataima pakhomo, mutu uli pansi, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo sanasunthe mpaka amalume atatha. Tinamva pambuyo pake kuti kumanda anadikira pang'ono, kenako msuweni wina anamalizitsa mawuwo.

Nditabwerako kusukulu ndinawapeza atagona chagada pamatiresi, suti ikadali m'thupi. Ine, poti ndinali mwana, ndinapempha nkhani. Anati mayi ake a Msikochi anamwalira Lachisanu, uthenga unamupeza ku Mangalande, ndipo Loweruka analowa m'bwalo.

Ndinafunsa ngati anawina.

"Anawina," anatero amalume, akuyang'ana mapaipi akudenga.

Ndinakondwa kwambiri. Ndinakwera masitepe ndikudumphadumpha kuti ndikadye, ndili wotsimikiza kuti nkhaniyo yatha bwino. Pa msinkhu umenewo ndinkadziwa kuti timu ikawina ndiye kuti onse awina, ndipo sindinamvetse chifukwa chake amalume sanandiuzeko zigoli.