Sindinawasambitse Achimwene

Ndine telala. Makina anga akhala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa boma kuyambira ndili mnyamata. Achimwene, amene ndinapondana nawo, anali asodzi. Atakula anasiya kulowa m'nyanja n'kumangosoka maukonde pakhomo pawo. Lachisanu lililonse ankandidzera pa khondepo, n'kundidikira mpaka nditavundikira makina, kenako tinkapitira limodzi ku mzikiti. Tinkaswali mzere umodzi, mapewa atagundana.

Matenda anayamba ngati ukalamba chabe. Mkodzo unkavuta kutuluka, ndipo ndikangobwerera pa makina ndinkamvanso kuti ndikufuna kupita kuseri. Ndinapirira nthawi yaitali. Tsiku lina unatsekekeratu, chinena chinatupa, ndipo akazi anga anandithamangitsira ku chipatala. Anandiika kapaipi n'kunditumiza ku Lilongwe. Kumeneko atandipima magazi ndi kudula kanyama kuti akaunike, adokotala anati ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna. Anati mwayi wanga ndi woti inali isanafalikire, ndipo angathe kuichotsa.

Amene anandidwazika pa opaleshoniyo anali achimwene. Ankagona pa simenti pafupi ndi bedi langa. Thumba la mkodzo likadzaza, ankalikhuthula okha, n'kubwerako akuseka kuti m'bwato anakapa madzi ochuluka kuposa amenewo. Tsiku lotuluka, adokotala anandichenjeza kuti kapaipi kakachotsedwa mkodzo uzidontha wokha kwa miyezi ndithu. Anamwino anandiphunzitsa kumanga minofu ya kunsi ngati munthu amene akugwira mpweya woipa, n'kumasula, n'kumanganso. Ndinavomera zonse ndi mutu, maganizo ali kunyumba.

Ndinazimvetsa bwino kapaipi katachoka. Ndikadzuka pampando, kudontha. Ndikatsokomola, kudontha. Ndikawerama kutola sizasi, kudontha. Ndinasoka timatewera ta zidutswa za nsalu zotsala, ndipo akazi anga ankatichapa m'mamawa n'kutiyanika kubafa kuti anansi asaone.

Bala litapola ndinati ndikayese ku mzikiti. Ndinasamba, n'kuvala mkanjo woyera. Achimwene anasangalala kwambiri, njira yonse ankauza anthu kuti m'bale wawo wabwerako ku manda. Swala itayamba, nditangowerama kugwira mawondo, ndinamva kutentha kukutsika m'ntchafu. Thewera silinathe kusunga. Nditaweramuka ndinaona banga kutsogolo kwa mkanjo. Ndinatuluka pakati pa swala, manja nditaphimba pabangapo, n'kudzera njira ya kuseri kwa nyumba za anthu mpaka kwathu.

Kuyambira tili ana ku madrasa tinaphunzitsidwa kuti mkodzo ndi nyansi, ndipo munthu saima pamaso pa Mulungu chovala chili ndi dontho lake. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinadziweruza ndekha kuti ine ndi mzikiti tasiyana mpaka nditauma. Makina ndinawasamutsira kunyumba. Kwa amene ankafunsa ndinkati bala likundivutabe.

Achimwene sanasiye kubwera. Lachisanu ankaima pa khomo atavala kale.

“Mphwanga, tiye. Nthawi yakwana.”

“Pitani, achimwene. Lero m'mimbamu simuli bwino.”

“Si ukuyenda bwinobwino iwe? Dzulo ndinakuona ukupita kukagula ulusi. Ngati kugwada kukuvuta, ukaswali chokhala. Ndikunyamulira mpando.”

“Ndanena kuti pitani.”

Ankandiyang'ana pang'ono, n'kutembenuka. Masabata ena ndikamva mawu awo panja ndinkagona n'kufunda, akazi anga n'kumawauza kuti ndamwa mankhwala. Zimenezi akazi anga sankazikonda. Tsiku lina achimwene atangochoka, analowa n'kundivundukula.

“Bambo, mundinamizitsa mpaka liti? Alamuwa si amene ankakutayirani mkodzo ku Lilongwe? Chachilendo n'chiyani chimene angamve? Ngati iwo mukuwachitira manyazi, kauzeni ashehe.”

Ndinawakalipira kuti za amuna azisiye. Kunena zoona, ku chipatala ndinali wodwala, ndipo wodwala sachita manyazi. Koma kuno ndinali bambo wa ana ndi zidzukulu, munthu amene anthu ankati wachira, ndikuvala thewera ngati khanda. Mawu amenewo ankakana kutuluka pakamwa panga.

Nyengo ya mwera itafika, achimwene anachepetsa kubwera. Ankangotumiza nsomba, nthawi zina kampango, nthawi zina usipa wofutsa. Ndinapepukidwa mumtima, ndikuganiza kuti atopa nazo. Ndinkati ndikangouma ndidzawadzera ndekha Lachisanu n'kuwafotokozera zonse tikuseka.

M'mawa wina mwana wawo wamkulu, amene tsopano ndiye amayendetsa bwato lawo, anafika pa njinga ali wefuwefu. Anati bambo ake agwa akusoka ukonde ndipo sakulankhula. Pamene ndinkafika ku chipatala n'kuti atatsirizika kale. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi.

Kwathu maliro sagonera. Thupi litafika kunyumba, akuluakulu anakonza madzi ndi nsanda m'chipinda, ndipo mmodzi wa iwo anabwera pamene ndinakhala.

“Inu ndiye m'bale wawo amene mwatsala. Lowani mukawasambitse.”

Pa nthawiyo thewera linali litanyowa kale chifukwa cha kulira ndi kuyenda. Ndinaganiza kuti manja a munthu wodetsedwa ngati ine sangayeretse munthu amene akupita kwa Mulungu. Ndinati bala silingandilole kuwerama. Mkuluyo sanatsutse, anangoitana ena. Mwana wa achimwene anali ataima pa khomo la chipindacho atapinda kale manja a malaya, akundidikira. Anandiyang'ana, kenako analowa n'kutseka chitseko.

Pa swala ya maliro anthu sawerama, amangoima. Ngakhale zinali choncho, sindinalowe mu mzere. Ndinaima patali, pafupi ndi njinga za anthu. Jeneza, chonyamulira maliro, litanyamulidwa, amuna ankalandizana pa mapewa mpaka ku manda, koma phewa langa silinalikhudze. Ndinangoponya dothi pamapeto.

Patapita masiku ochepa ashehe anabwera kunyumba. Ndi munthu wamng'ono kwa ine, bambo ake ndinkawasokera zovala. Tinakhala pa mkeka, ndipo akazi anga atabweretsa tiyi sanachoke, anakhala pa khomo. Ndinadziwa kuti ndi iwo amene anawaitana.

“Bambo, anthu akulankhula,” anatero ashehe. “Ena akuti munayambana ndi malemu. Ena akuti mwasiya chipembedzo. Ine sindinabwere kudzakuweruzani. Ndabwera kudzamva.”

Ndinayang'ana pansi n'kufotokoza zonse, za kudontha, za matewera, za banga la pa mkanjo. Nditamaliza, ashehe anagwira mutu.

“Ndiye mwasenza zimenezi nokha miyezi yonseyi? Bambo, Mulungu sapanikiza wodwala. Munthu wa vuto ngati lanuli amadzitsuka nthawi ya swala ikakwana, amavala thewera loyera, n'kupanga udhu, kusamba kokonzekera swala kuja. Zimene zingadonthe pambuyo pake sizimuwonongera swala. Muli ndi anzanu mu mzikiti muja amene amachita zomwezo, kungoti simukuwadziwa.”

“Nanga kusambitsa maliro?” ndinafunsa.

Ashehe anati, “Mukanawasambitsa.”

Sindinathe kumwa tiyi uja.

Chimene chinandipweteka koposa ndinachimva kwa alamu, akazi a malemu, nditapita kukawaona m'masiku amene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba. Analankhula ali kuseri kwa nsalu yotchinga, mawu ali otsika.

“Alamu, achimwene anu anapita ndi nkhawa. Ankati mwina ku Lilongwe kuja analankhula nthabwala ina imene inakupwetekani. Ankakhala pansi n'kumakumbukira mawu onse amene ananena m'chipatala muja, kufuna kupeza pamene anakulakwirani. Lachisanu lomaliza lija anavala, anafika mpaka pa mphambano ya kwanu, n'kubwerera. Anati asakutopetseni.”

Ndinawauza chifukwa chenicheni, ndipo anangoti, “Ha! Zimenezo basi?”

Tsopano ndinabwerera ku mzikiti. Kudontha kunachepa pang'onopang'ono monga ananenera adokotala, ngakhale ndikanyamula cholemera kapena kuyetsemula ndimamvabe. Ndimapita kukapimitsa magazi nthawi imene andiuza, ndipo mpaka lero akuti khansayo sinabwerere. Za m'banja sizinabwerere mwakale. Akazi anga amati pa msinkhu wathu chachikulu n'choti ndili moyo, ndipo masiku ena ndimawakhulupirira.

Mwana wa achimwene anakhala nthawi akundipatsa moni wa pakamwa chabe. Ndinazengereza, koma tsiku lina m'mawa ndinakwera kabaza kupita ku doko kumene amakocheza. Ndinam'peza akuyanika usipa pa thandala. Ndinam'tengera pambali n'kumuuza zonse, osabisa ngakhale za matewera. Anamvetsera akuthothola mamba a nsomba amene anamatirira m'manja mwake.

“Bambo aang'ono,” anatero, “m'chipinda muja ndinali ndisanasambitsepo maliro. Ndinkangoyang'ana ku chitseko kuti mwina mulowa.”

Ndinam'pempha kuti andikhululukire. Anati palibe mlandu, koma sanandiyang'ane kumaso. Anatapa usipa n'kundithirira mu jumbo, ndipo anandiperekeza mpaka pa msewu. Wa kabaza atafika, anandigwirira jumboyo mpaka nditakhala bwino, n'kumuuza kuti ayendetse pang'onopang'ono m'mabampu.