Akativina Lachisanu

Mwana wanga wamkazi ali ndi chibwibwi. Ndiyambe ndi chimenecho, chifukwa zonse zimene ndinachita ndinkadziuza kuti ndikuchitira iyeyo.

Anachedwa kuyankhula, ndipo atayamba, mawu ankamukakamira pakhosi. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri anali atapeza nzeru yakeyake, yodula mawu ataliatali. Aphunzitsi anali "aphunzi", chinangwa chinali "nangwa". Anzake ankamuyeserera, iye n'kumangoyang'ana pansi. Ine ndinkakhalira kuwerenga pa foni za ana otere, ndipo chilichonse chimene ndawerenga chinkandiwonjezera mantha.

Kwathu ndi ku Benga, koma ndimakhala kwa apongozi anga kufupi ndi boma la Nkhotakota. Bambo ake a mwanayu ali ku Joni, chino ndi chaka chachitatu. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ya zachitukuko cha m'midzi, ili m'sutikesi pansi pa zitenje. Ntchito yomwe inandipezera ndi imodzi: pakhomo pakabwera pepala la Chingerezi amaitana ine.

Tsiku lina mwana anabwera nalo pepala lotero kuchokera kusukulu. Mtsikana wina, wophunzira ngati ine ndemwe, ankatsegula makalasi a masana, Lachiwiri ndi Lachisanu, m'chipinda cha sukulu ya mkaka. Panali zinthu zitatu: sayansi, nyimbo, ndi liwu lina la Chingerezi lotanthauza kugwedeza thupi. Sindinali mwana, ndinadziwa kuti ndi kuvina. Ndinali nditawerengaponso kuti ana ena achibwibwi akamayimba sakakamira.

Apongozi ankapeta mpunga pakhonde.

"Likuti chiyani?"

"Maphunziro apadera a sayansi, amayi."

"Pepala lonseli nkhani yake imodzi?"

"Zinazo ndi nthawi ndi malo."

"Nanga ku madrasa?"

"Ajomba masiku awiri okha pa sabata. Amwalimu ndikawauza."

Anauzira mankhusu, n'kuti, "Ngati n'zasukulu apite. Mwina adzatitulukira dokotala, tisiye kufola kuchipatala."

Sindinawafunse ngati angalole nyimbo. Ndinangowayang'ana, mayi osaphonya swala, otseka wailesi ikayamba za gule, ndipo ndinawayankhira ndekha mumtima. Ndinkadziona wophunzira pakati pa anthu oti sangamvetse.

Sabata yachiwiri ndinakaima pawindo la kalasi ija. Ana ankasefa madzi amatope m'botolo lodulidwa, m'mene anaikamo mchenga ndi makala. Atatha, madamu anagawa zisekese, ana n'kupanga bwalo. Ndipo ndinamva mwana wanga akuyimba mzere wathunthu, mawu ataliatali omwe, osakakamira pena paliponse. Liwu lakelo sindinkalidziwa n'komwe. Ndinakalirira m'munda wa chinangwa kuseri kwa sukulu, kuti makolo anzanga asandione.

Pobwerera ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Kunyumba uzingonena za sayansi, wamva? Zoyimbazo n'zathu awiri." Tangoganizani. Mwana woti liwu lililonse amachita kulimbana nalo, ine n'kumusenzetsanso ntchito yosankha oti anene ndi oti abise.

Miyezi iwiri zinayenda. Ankabweretsa nyemba zomera m'botolo, agogo ake n'kumazionetsa kwa alendo. Nyimbo tinkazisiya pa mlatho wa pafupi ndi kunyumba.

Kenako madamu anamusankha kuti adzatsogolere nyimbo patsiku loonetsa makolo. Tsiku limene anauzidwa anabwera chothamanga, nsapato kumanja. Ine ndinali kuseri, ndikuchapa. Pakhonde panali apongozi ndi anzawo awiri a kumzikiti. Chimwemwe chinamuiwalitsa lamulo langa.

"Agogo, La-Lachisanu a-akativina!"

Ankafuna kunena kuti akativinitsa. Analidula liwulo monga amadulira ena onse. Koma kwa amayi aja, kuvina mwana wamkazi ndi kumulowetsa chinamwali, ndipo chimenecho sichichitika agogo ake osadziwa.

"Akakuvinani? Mwana wa mano amkaka?" anatero mmodzi. "Namkungwi wake ndani?"

"Make mwana," apongozi anaitana, "tabwerani kuno."

Ndinabwera thovu lili m'manja. Mwana anaona nkhope zasintha, anayesa kufotokoza, mawu n'kukaniratu. Ndiye anachita chimene akanatha. Anaika nsapato pansi, n'kuyamba kuponda ndi kuyimba.

Mnzawo wina anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye sayansi ya masiku ano imeneyi? Kani nafenso tinali madokotala pa utsikana wathu, osadziwa."

Apongozi sanaseke. Maso awo anali pakamwa pa mdzukulu wawo.

"Tayimbanso."

Anayimbanso, bwinobwino, mpaka kumapeto. Ndiye apongozi anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo sanali aukali.

"Inu mumadziwa zimenezi?"

Funso limenelo ndalibwereza mumtima kosawerengeka. Linali losavuta. Koma panali alendo awiri oti pofika mawa nkhani aifikitsa pamjigo, panali foni yoti ikafika kwa bambo ake ku Joni, panalinso ine, wophunzira wa pakhomo, woti ndivomere kuti ndinanamiza mayi wosadziwa kuwerenga.

"Ayi, amayi. Pepala linangoti sayansi."

Mwana anandiyang'ana.

"Ndiye wabodza ndi mtsikanayo," apongozi anatero. "Munthu wobisa gule angabise zingati?" Anamanga mpango bwino n'kunyamuka ndi anzawo aja, kukachenjeza makomo ena.

Liwu lodulidwa lija ndi limene linayenda, osati kufotokoza kwake. Pofika Lachisanu, mudzi wonse unkati madamu akuvina ana mobisa m'kalasi. Ena ankati amawatsekera. Makolo amene anawerenga okha pepala lija, amene ankadziwa zoona, anachotsanso ana awo poopa kunenedwa. Madamu anandiimbira foni kanayi. Ndinkaiyang'ana ikulira mpaka kusiya. Anatumiza uthenga: "Achemwali, inu munaona zimene timachita. Chonde auzeni." Ndinaufufuta. Mwezi usanathe makalasi anatsekedwa, ndipo ndikumva kuti mtsikanayo anapita ku Dwangwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Tinkasenda chinangwa choviika, awiriwiri, apongozi n'kungoyamba okha.

"Koma mwana uja ankayimba bwino, inu. Sanakakamire ngakhale pamodzi. Mtsikana uja akanabwera poyera, tikanakambirana. Gule tikanachotsa, nyimbo n'kuzisiya."

Apo panalinso mpata. Ndinapitiriza kusenda.

Mwana wanga sanandiululepo, mpaka lero. Anabwerera ku madrasa masiku onse, ndipo amwalimu akuti amakhala kumbuyo, safuna kuwerenga mokweza. Chibwibwi chilipobe, mwina chinakula, kapena ndine amene ndikuchimva kwambiri.

Sabata yatha tinkachokera kuchigayo, msewu wonse tili awiri, ine ndi mwanayo. Ndinayamba nyimbo ija chapansipansi, ndinaima pamene iye ankalowera, n'kudikira. Tinayenda ndithu.

"Tayimba, mwanawe. Kuno kulibe munthu."

"Si-sindiidziwa," anatero, n'kutsogola.