Funso Limodzi la Anthu Anayi

Agogo amene anandilera makolo anga atamwalira anali ndi lamulo limodzi: wamkulu akamalankhula, maso pansi, pakamwa potseka. Ndinakula nalo mpaka ku Dubai, kumene ndinkayala mabedi mu hotela ku Deira, kwinaku ndikuphunzira za mahotela pa yunivesite ina kuti andikweze ndizikalandira alendo.

M'kalasi ndinapeza anzanga a lamulolo: atsikana atatu a ku Korea. Ankakhala kutsogolo, foni ili patebulo kujambula mawu, zolembera zamitundu inayi zili pamzere. Ankalemba chilichonse, ndi nthabwala zomwe. Aphunzitsi akati, “Pali funso?” mitu inkawerama ngati tikupempherera chakudya. Kalasi ikatha m'pamene ankandanda pakhomo ndi mafunso awo, mmodzimmodzi, monong'ona.

Aphunzitsiwo anali a ku Chipata. Tsiku lina anandiimitsa pakhonde.

“Imwe a ku Malawi, kamwa munasiya pa eyapoti? Malikisi ena ni okamba m'kalasi. Inu na anzanu aja mukapitiliza so, muzafeluka. Khalas, basi.”

Kulephera kunatanthauza chaka china cha mabedi. Ndinawauza anzangawo. Wamkulu mwa iwo anagwira kumutu.

“Kufunsa pagulu? Ndiye kuwadyera anthu onse nthawi. Nanga funsolo likakhala lopusa?”

Anachita monga amachitira zinthu zonse: analikonzekera ngati mayeso. Tinamveranso zojambula zija, tinalemba funso limodzi, kulikonza kanayi, kuliyeserera m'sitima ya Metro mpaka ku Bur Dubai. Wofunsa tinamusankha pa masewera a zala aja, mwala, pepala ndi sizasi. Ndinagonja ine.

Lachiwiri dzanja langa linakwera lokha. Ndinaimirira, ndinapinda mawondo monga ndinkachitira popereka madzi kwa alendo a agogo, n'kuwerenga funsolo pa kapepala, maso ali pansi.

Aphunzitsi anayang'ana kapepalako.

“Inki zamitundu inayi. Funso ili ni la ndani?”

“La tonse, aphunzitsi.”

Anayankha bwinobwino, kenako anachonga dzina limodzi lokha, langa. Ena atatuwo anayang'anana.

Sabata yotsatira wamng'ono mwa iwo anaimirira ndi kapepala kake. Asanawerenge anapinda mawondo, bwino kuposa ine. M'kope mwake anali atalemba zonse za tsiku lija, ndipo pa mawu onena za kupinda mawondo anali atadulapo mzere wofiira kunsi.

Tinakhoza tonse anayi. Masiku ano ndili polandirira alendo, ndipo ndine ndimayamba kufunsa.