Ndinamuuza mlongo wanga kuti akagone

"Mayi a Tadala, mlongo wanu uja bwanji sakutsikanso ndi mpira wake?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nafe ku Thamesmead, titakumana pa masitepe. Ndinangoweramitsa mutu. Inu owerenga, yankho lake ndi ili, ndipo mlanduwo ine ndilimo.

Amuna anga anali mphunzitsi wa timu ya mpira pa koleji ina ku Greenwich. Chaka chimenecho ankayembekezera kukwezedwa kuti aziyang'anira masewera onse apakolejipo. Mlongo wanga Yamikani ankaphunzira pomwepo, ankakhala nafe, ndipo ankasewera kumbuyo m'timumo.

Loweruka lina anawombana mitu ndi mnzake polimbirana mpira wam'mwamba. Anagwa, n'kudzuka akudzandira. Lamulo linali loti wotero atuluke akaonedwe, koma akuluakulu a koleji anali pomwepo akuonerera, ndiye amuna anga anamusiya kuti amalize. Timu inapambana.

Atafika kunyumba, Yamikani anasanza. Kenako ankangondifunsa kuti, "Achemwali, kodi tawina?" Ndikamuyankha, pakapita kanthawi ankafunsanso zomwezo. Ndinatenga foni kuti ndiitane ambulansi, koma amuna anga anandigwira mkono.

"Akakalemba kuchipatala kuti wavulala pa gemu, ntchito ija yapita. Mawa adzuka bwino ameneyu."

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, Chingerezi cha pafoni chimandiopsa, komanso Tadala anali kubere. Ndinaika foni pansi. Ndinamupatsa Yamikani mapilitsi a mutu, ndinamuika kansalu konyowa pachipumi monga timachitira kwathu, n'kumuuza kuti akagone.

M'mawa ndinamugwedeza, osadzuka. Ankapuma mokoka ngati munthu wotsamwidwa. Kuchipatala anati magazi ankatayikira mkati mwa mutu, ndipo tikanafika dzulo lake zikanakhala zina. Mpaka lero Tadala akangogunda mutu patebulo, ndimathamangira foni.

Inu owerenga, munthu akamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza kapena kubwereza mawu, musamugoneke. Imbani foni ndi Chingerezi chanu chothyokacho, akumvani ndithu. Amene akukuletsani, kaya ndi mwamuna wanu, mudzapepesana naye pambuyo.

Koleji inafufuza, osewera anzake a Yamikani ananena zonse. Amuna anga anataya udindo umene ankaufuna, anatayanso umene anali nawo. Yamikani anataya sukulu, mpira, ndi dzanja lamanja, lomwe silitha kugwira ngakhale kapu. Ine mayi anga kumudzi anasiya kundiyankha foni.