Chitsulo cha pa Mlambe wa Padoko

Mundikhululukire owerenga, ine sindine mlembi, ndipo nkhani yangayi ndi yaing'ono. Kungoti ndikaikumbukira mtima umandiwawabe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinachoka kwathu m'mbali mwa Luangwa kukakhala ndi amalume, a Tembo, ku Matero, komboni ya m'tauni. Inali nthawi ya Chitaganya. Kusukulu anandilandira mokayika. Aphunzitsi anati masukulu a kumudzi amangophunzitsa nyimbo, choncho anandipatsa masabata awiri kuti ndilembe mbiri ya malo amodzi a kwathu. Ndikalemba bwino nditsala mu Sitandade 4, ndikalephera ndibwerera mu Sitandade 3 kukakhala ndi tiana.

Ndinasankha mlambe wa padoko lakale, pomwe anthu ankawolokera mlatho usanamangidwe. Pathunthu pake pali chitsulo chozungulira ngati chibangili, chokhomedwa kalekale. Mtengowo ndinkaudziwa bwino chifukwa tinkagendapo malambe, koma amene anakhoma chitsulocho sindinkamudziwa. Kulakwa kwanga kunali kufunsa Lamlungu masana, anthu akwathu atasonkhana pakhonde pa amalume.

"Lemba, mphwanga," anatero amalume. "Chija chisulo anakhoma ni ambuye banga. Ndiye pamene benze kumangilila bwato yao."

A Njobvu, kalipentala wa nyumba yoyandikana nafe, anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Tembo, mufuna kunamiza na mwana wa sukulu? Bwato ya ambuye banu yenze kukwela mumtengo? Paja Achikunda ndiye benze kumangapo bakapolo!"

Kumudzi anatiphunzitsa kuti wamkulu akalankhula, mwana amavomera. Ndinavomera kwa amalume, ndinavomeranso kwa a Njobvu. Kenako ndinalemba za bwato la agogo a amalume, mosamala, chilembo chilichonse chili chilili.

M'mawa mwake a Njobvu anandipeza pampopi. "Iwe, leta buku nione." Anawerenga akutsata ndi chala chautuchi, natsonya. Ndinachita manyazi, ndinang'amba tsambalo ndi kulemba za akapolo. Amalume ataona anangondifunsa funso limodzi: "Ugona mu nyumba ya bandani, iwe?" Ndinang'ambanso. Akazi awo, amene ndinkayesa kuti andimvera chisoni, anandiitanira kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. "Bonse babili ni boza. Ni bazungu bopima msewu banaika chija. Lemba vamene nakuuza." Ndinang'amba kachitatu.

Zinapitirira motero sabata yonse. Munthu aliyense wa ku Luangwa wokhala mu Matero anamva kuti mphwa wa a Tembo akulemba mbiri, ndipo aliyense ankandiimitsa panjira. Palibe anandifunsa zimene ine ndinaona, chonsecho pa onsewo ndine ndinali nditangochoka kumeneko. Ena anali asanapondeko zaka makumi awiri!

Chimene sindinaganizire n'chakuti kope la kusukulu ukang'amba tsamba kutsogolo, linzake kumbuyo limathothoka. Masamu anga onse anagwera m'fumbi la panjira. Aphunzitsi anagwira kopelo ndi zala ziwiri, anandikwapula zikoti zitatu kalasi yonse ikuona, ndipo anakana kundipatsa lina. Munatsala tsamba limodzi lokha loyera, ndi masiku awiri.

Ndinakhala pansi pa mango kuseri kwa sukulu, m'manja mukuyaka, nditakwiya kuposa kale lonse. Pong'amba panalibenso. Ndinayamba ndi zimene maso anga ankadziwa: kuti chitsulocho chili pamwamba poti munthu wamkulu safikira, kuti khungwa lameza theka lake, kuti chili mbali yosayang'ana kumtsinje. Kenako ndinalemba kuti a Njobvu akuti chakuti, a Tembo akuti chakuti, akazi awo akuti chakuti. Pomaliza ndinaika mawu awa: "Mwa onsewa palibe amene anaona chikukhomedwa."

Aphunzitsi anawerenga kawiri. "Khala pampando wako womwewo," anatero. Ndinatsala mu Sitandade 4.

Musayese kuti kunyumba kunabwera mtendere. Amalume sanadandaule za akapolo kapena za azungu. Chinawapweteka n'chakuti dzina la a Njobvu linali pamwamba pa lawo. Kwa milungu ingapo ankandituma kudzera mwa akazi awo, ine ndili pomwepo, osatchula ngakhale dzina langa.

Lero ndimamvetsa kuti anthu aja sankalimbirana chitsulo. Anali kutali ndi kwawo, m'nyumba za khonsolo zofanana zonse, ndipo aliyense ankafuna kuti mtsinje uja ukhale ndi dzina la makolo ake. Ndimamvetsanso kuti kuvomera aliyense si ulemu, ndi mantha chabe, ndipo zikoti zake zimagwera wovomerayo.

Amalume anandiitananso ndi dzina langa Lachisanu limene tinatsekera sukulu chaka chimenecho, ndipo nkhaniyo inathera pamenepo.